BAMBO ANGELO SECCHI, WANSEMBE AMENE ADAWERENGA KUWALA KWA NYENYEZI

M'chaka cha 1835 mkulu wina wophunzira kwambiri wa ku France, dzina lake Auguste Comte, adalemba kuti anthu angathe kuyeza kutalika kwa nyenyezi ndi kayendedwe kake, koma sadzadziwa konse kuti nyenyezizo zidapangidwa ndi chiyani. Kunena zoona, maganizo akewo adali omveka ndithu. Kuti munthu adziwe za m'kati mwa mwala amayenera kuutola, kuuphwanya ndi kuuyesa pamoto. Nanga nyenyezi angakaitole ndani? Koma chaka chomwecho mu mzinda wa Roma mudali mnyamata wa msinkhu wathu uno, wovala mkanjo wakuda wa Ajezuiti, amene adadzakhala mmodzi mwa anthu otsutsa mawu a mkuluyo ndi ntchito ya manja ake.

Mnyamatayo adali Angelo Secchi. Iye adabadwa mu Juni 1818 ku Reggio Emilia, kumpoto kwa dziko la Italy, ndipo bambo ake adali mmisiri wa matabwa. Adaphunzira pa sukulu ya Ajezuiti ya mu mzinda wa kwawo, ndipo m'chaka cha 1833, ali ndi zaka 15, adapita ku Roma kukalowa chipani chawo. Akuluakulu a chipanicho sadachedwe kuona kuti mnyamatayu adali ndi mutu wa masamu. M'chaka cha 1841 adamutumiza ku Loreto kukaphunzitsa Physics, kenaka adabwerera ku Roma kudzaphunzira zaumulungu, nadzozedwa unsembe mu Sepitembala 1847.

Unsembe wao udayamba ndi mavuto. M'chaka cha 1848 mu Roma mudabuka chipolowe cha ndale ndipo Ajezuiti adakakamizidwa kutuluka mu mzindawo. Bambo Secchi adathawira ku Stonyhurst, ku England, kenaka adawoloka nyanja kupita ku Georgetown, ku America, kumene Ajezuiti adali ndi koleji yokhala ndi nyumba yoonera nyenyezi. Mphunzitsi wao, Bambo Francesco de Vico, amene ankayang'anira nyumba yoonera nyenyezi ya pa koleji ya Ajezuiti ya Collegio Romano, adamwalira ku London ali othawa kwawo chaka chomwecho. Choncho zinthu zitakhazikika ndipo Ajezuiti atabwerera ku Roma, udindo uja udagwera Bambo Secchi m'chaka cha 1850. Adaugwira mpaka tsiku la imfa yao.

Nyumba imene adaipezayo idali nsanja yosalimba, yogwedera. Telesikopu ikagwedera ngakhale pang'ono, nyenyezi imavina ndipo palibe chimene ungayeze. Apa Bambo Secchi adaonetsa nzeru za mwana wa mmisiri. Pambali pa kolejiyo pali tchalitchi chachikulu cha Ignasio Woyera, Sant'Ignazio. Omanga ake adaimika zipilala zazikulu zoti zinyamule denga lobulungira ngati mphika wovundikira, koma dengalo silidamangidwe, ndipo m'malo mwake Brother Andrea Pozzo adangolijambula pa nsalu m'chaka cha 1685, mwaluso loti mpaka lero alendo amanyengedwa nalo. Tsono zipilala zija zidakhala zaka zambiri zopanda katundu. Bambo Secchi adamanga nyumba yao yatsopano pamwamba pa zipilala zomwezo, naikamo telesikopu ya galasi la masentimita 24 m'mimba mwake. Pansi anthu akuchita Misa, pamwamba wansembe akuyeza nyenyezi.

Ntchito zao zidali zambiri moti sitingazitsate zonse pano. Ankauza mzinda wonse nthawi yeniyeni ya 12 koloko masana potsitsa mpira pa mtengo wa pa denga la tchalitchicho, ndipo asilikali akauona ankaomba mzinga. Adapanga makina olemba okha za mvula, mphepo ndi kutentha, amene adapata mphotho yaikulu pa chionetsero cha ku Paris m'chaka cha 1867. M'chaka cha 1865, ali pa sitima ya pamadzi ya Apapa yotchedwa Immacolata Concezione, adayesa njira yodziwira kuyera kwa madzi: kutsitsa mbale yoyera pa chingwe mpaka isaonekenso, ndi kuyeza chingwecho. Mbale imeneyi mpaka lero imatchedwa ndi dzina lao, ndipo ofufuza za nsomba ndi madzi pa nyanja yathu ya Malawi amaigwiritsa ntchito. Choncho dzina la wansembeyu lidafika kale kuno kwathu, kungoti lidadzera kunyanja. Pa 18 Julayi 1860 adali ku Spain kukajambula kadamsana. Zithunzi zao zitafananitsidwa ndi za Warren De la Rue, amene adajambulira pa malo ena akutali m'dziko lomwelo, zidatsimikiza kuti malawi ofiira ooneka m'mphepete mwa kadamsana ndi a dzuwa lenilenilo, osati a mwezi kapena chinyengo cha maso.

Koma ntchito imene idawapatsa dzina ndi ya kuwala kwa nyenyezi, ndipo apa ndipemphe makolo athu kuti atipirire pang'ono tilowe m'kalasi.

Kuwala kwa dzuwa kukadutsa mu galasi la makona atatu, lotchedwa prizimu, kumagawika m'mitundu ya utawaleza, kuyambira kofiira mpaka kofiirira ngati maluwa a jakaranda. Utawaleza wotere m'kalasi timautcha spectrum. M'chaka cha 1814 mmisiri wa magalasi wa ku Germany, Joseph Fraunhofer, adauyang'anitsitsa ndipo adaona kuti ndi wodukaduka ndi timizere takuda toposa 500. Adatijambula, ndipo tikuluikulu adatipatsa zilembo, koma tanthauzo lake lidadikira mpaka m'chaka cha 1859, chaka chomwe David Livingstone adafika pa nyanja ya Malawi. Pamenepo Gustav Kirchhoff ndi Robert Bunsen, ku Heidelberg, adaonetsa kuti chinthu chilichonse chikatenthedwa mpaka kusanduka mpweya chimatulutsa kuwala kwa mtundu wakewake. Amayi athu amadziwa mbali ina ya nkhaniyi. Mchere ukagwera pa moto wa mbaula lawi limasanduka lachikasu, ndipo waya wa kopa ukapsa lawi limabiriwira. Lawi lotere mukaliyang'anira mu prizimu simuona utawaleza wonse, mumangoona mizere yowala pa malo ake okhazikika. Sodium ali ndi mizere yake, hydrogen ali ndi yake, chitsulo chili ndi yake, monga momwe munthu aliyense ali ndi chidindo cha chala chake. Ndipo kuwala koyera kwa chinthu chotentha kwambiri kukadutsa mu mpweya wozizirirapo, mpweyawo umameza mitundu yomweyo imene ukadatulutsa, nusiya mizere yakuda pa malo omwewo. Kirchhoff adafananitsa mizere pafupifupi 60 ya chitsulo ndi mizere yakuda ya dzuwa, ndipo yonse idagwera pamodzimodzi. Mu dzuwa muli chitsulo.

Tiganizepo pang'ono. Chitsulo chimene makolo a Aphoka ankasungunula m'ng'anjo zao m'mapiri a Nyika n'kusula makasu, chitsulo chimene amisiri akuwotcherera pa Luwinga, ndi chomwecho chimene chikuyandama ngati nthunzi pamwamba pa dzuwa, chifukwa kumeneko kutentha kumaposa madigiri 5,000.

Bambo Secchi adamva nkhaniyi ndipo adafunsa funso lotsatira: nanga nyenyezi zina? M'chaka cha 1863 adayamba kumangirira prizimu ku telesikopu yao. Ntchitoyi idali yowawa. Kuwala kwa nyenyezi ndi kofooka kale, ndiye ukakugawa m'mitundu kumatsala kamzere kosaoneka bwino. Pa nthawiyo padalibe kamera yotha kujambula zimenezi, kotero kuti ankayang'ana ndi diso, n'kujambula ndi dzanja, usiku ndi usiku, pa denga lozizira. Amene adadzukapo m'mamawa wa Julayi ku Mzuzu kukatumikira Misa ya 6 koloko ku St Peter's angathe kumvetsa pang'ono.

Tisawapatse ulemu umene si wao. Ku England kudali William Huggins ndi William Allen Miller amene m'chaka cha 1864 adalengeza kuti apeza chitsulo ndi zinthu zina mu nyenyezi monga Aldebaran. Iwowo ankatenga nyenyezi zowerengeka n'kuzifufuza mozama. Bambo Secchi adasankha njira ina: kuona nyenyezi zambiri momwe angathere kuti adziwe ngati zili ndi mafuko. Adayang'ana nyenyezi pafupifupi 4,000, ndipo adapeza kuti pafupifupi zonse zimagwera m'magulu ochepa chabe. Gulu loyamba ndi la nyenyezi zoyera monga Sirius ndi Vega, zokhala ndi mizere yochepa koma yonenepa ya hydrogen. Lachiwiri ndi la zachikasu monga Capella, Arcturus ndi dzuwa lathu, zodzaza ndi timizere topyapyala ta chitsulo ndi zinzake. Lachitatu ndi la zofiira monga Antares ndi Betelgeuse, imene timaiona cha kumunsi kwa Akamwiniatsatana madzulo a miyezi ya dzinja. Utawaleza wa zimenezi uli ndi mipata yakuda yotambalala. M'chaka cha 1868 adaonjezera gulu lachinayi, la tinyenyezi tofiira kwambiri, ndipo adazindikira kuti mizere yake ndi ya carbon, chinthu chomwe chili m'makala. Kuika dzuwa m'gulu limodzi ndi nyenyezi zina kudali kunena poyera kuti dzuwa ndi nyenyezi wamba imene ili pafupi nafe basi. Bambo Secchi adaganizanso kuti kusiyana kwa magulu kumachokera makamaka pa kutentha, ndipo adalondola. Magulu a O, B, A, F, G, K ndi M amene akugwiritsidwa ntchito lero, omwe Annie Jump Cannon ndi anzake adakonza ku Harvard, adamera pa tsinde limeneli.

Pali usiku wina wa m'chaka cha 1866 umene ine ndimauona kuti ndi wofunika koposa. Bambo Secchi adalozetsa telesikopu pa nyenyezi yotchedwa Gamma Cassiopeiae. Ili pakati pa nyenyezi zisanu zopanga chilembo M, zimene kuno kumpoto timatha kuziona pansipansi cha kumpoto madzulo a Novembala ngati kulibe mitambo. Pa malo pamene nyenyezi zina zonse zidali ndi mzere wakuda wa hydrogen, iyi idali ndi mzere wowala. Munthu wina akadati diso lamunyenga n'kupitirira. Iwo adalemba zimene adaona ndi kuzitumiza kwa anzao, ngakhale zidasemphana ndi magulu ao. Iyi idali nyenyezi yoyamba kudziwika kuti ili ndi mizere yowala, ndipo pambuyo pake adaitsegulira gulu lachisanu. Lero tikudziwa kuti yazunguliridwa ndi mpweya wotentha umene ukudziwalira wokha. Sungani mfundo imeneyi, tiipezanso kutsogoloku.

Mayeso aakulu a moyo wao adabwera pa 20 Sepitembala 1870, pamene asilikali a ufumu wa Italy adalanda mzinda wa Roma m'manja mwa Papa Pio wa chisanu ndi chinayi. Boma latsopano lidayamba kulanda nyumba za zipani, ndipo pofika 1873 Ajezuiti adali atachotsedwa pa Collegio Romano. Koma Bambo Secchi adali odziwika dziko lonse la Ulaya, ndipo boma lidafuna kuti akhale munthu wake. Lidawapatsa mpando wa uphunzitsi pa yunivesite ya Roma, ndipo padalinso malonjezo a maudindo ndi ulemu wa boma. Kwa munthu wokonda sayansi limeneli silidali yesero lamasewera, chifukwa ku boma ndiko kudali ndalama zogulira zipangizo zatsopano, pamene telesikopu yao idali itayamba kutsalira poyerekeza ndi za maiko ena. Mpando uja adaubweza, ndipo adakana kulumbira kukhulupirika kwa mfumu m'malo mwa Apapa. Boma lidachita manyazi kuwathamangitsa, choncho lidawasiya pa denga lao lija ndi owathandiza owerengeka, nyumba yonse ya pansi ili m'manja mwa ena.

Chimene chimandikhudza n'chakuti mivi inkachokera mbali zonse ziwiri. Odana ndi Eklezia ankawanyoza poti ndi Mjezuiti. Akatolika ena ankawakayikira poti m'buku lao la mu 1864, lonena za umodzi wa mphamvu za chilengedwe, ankafotokoza zinthu monga asayansi a nthawi yao, osati monga mabuku akale a filosofi. Iwo sadasiye unsembe kuti asangalatse oyambawo, ndipo sadabise zimene adaona mu prizimu kuti asangalatse achiwiriwo. Sadasungenso chakukhosi ndi asayansi a boma: m'chaka cha 1871 adagwirizana ndi Pietro Tacchini kuyambitsa bungwe la ofufuza kuwala kwa dzuwa ndi nyenyezi m'dziko la Italy. Adalemba buku lalikulu lonena za dzuwa, Le Soleil, mu 1870, ndi lina la nyenyezi, Le Stelle, mu 1877. Adamwalira ndi matenda a m'mimba pa 26 Febuluwale 1878, ali ndi zaka 59, patangopita masabata osakwana atatu chimwalirire Papa Pio. Chaka chotsatira boma lidatenga nyumba ija n'kuikamo Tacchini. Eklezia idatsegulanso nyumba yake yoonera nyenyezi m'chaka cha 1891 mwa lamulo la Papa Leo wa khumi ndi chitatu, ndipo lero ili ku Castel Gandolfo m'manja mwa Ajezuiti, ndi telesikopu ina pa phiri la Graham ku Arizona.

Tsono njira yao yowerengera kuwala yafika pati? M'chaka cha 1963, pa phiri la Palomar ku California, Maarten Schmidt ankavutika ndi kanthu kooneka ngati nyenyezi wamba, kotchedwa 3C 273. Utawaleza wake udali ndi mizere yowala, monga ya Gamma Cassiopeiae ija, koma pa malo osagwirizana ndi chinthu chilichonse chodziwika. Kenaka adazindikira kuti ndi mizere ya hydrogen yomwe ija, kungoti yonse yasunthira ku mbali yofiira ndi magawo 16 pa 100 alionse. Kusuntha kotere kumachitika chifukwa chilengedwe chonse chikufutukuka, mfundo imene wansembe wina, Bambo Georges Lemaître wa ku Belgium, adafotokoza m'chaka cha 1927. Chinthu chikatalikira, mizere yake imasunthanso kwambiri. Zidapezeka kuti kuwala kwa 3C 273 kudayenda zaka pafupifupi mabiliyoni awiri kuti kutipeze, pamene kwa dzuwa kumatenga mphindi 8 zokha. Chinthu chooneka kuchokera kutali chotero chiyenera kuwala koposa mlalang'amba wathunthu. Zinthu zimenezi zidatchedwa ma quasar. Lero tikudziwa kuti quasar ndi phata la mlalang'amba wakutali, pamene pali black hole, chinthu cholemera kuposa madzuwa mamiliyoni kapena mabiliyoni, chimene ngakhale kuwala sikungathawe kukagweramo. Mpweya umene ukuzungulira pokagwera m'menemo umatentha koopsa n'kumawala.

M'chaka cha 1967 Joseph Wampler ndi Beverley Oke adapeza kuti ina mwa mizere yowala ya 3C 273 ndi ya chitsulo. Chitsulo n'chovuta kuchiwerenga. Hydrogen ali ndi mizere yowerengeka yotalikirana bwino, koma chitsulo chili ndi mizere zikwizikwi yothithikana, ndipo poti mpweya wa mu quasar ukuthamanga makilomita zikwi zingapo pa sekondi imodzi, mizereyo imafufutika n'kulowana, nioneka ngati zitunda. Akatswiri amayenera kuyamba achotsa zitunda za chitsulozi asanayeze mizere ina. M'chaka cha 1992 Todd Boroson ndi Richard Green adachita zonga za Bambo Secchi: adatenga ma quasar 87 n'kuwafananitsa, ndipo adapeza kuti amene chitsulo chake chikuwala kwambiri amakhala ndi mizere yofooka ya oxygen. Ma quasar nawonso ali ndi mafuko.

Chodabwitsa chenicheni chili kwa akutali kwambiri. Pa chiyambi, zaka mabiliyoni 13.8 zapitazo, kudalibe chitsulo; kudali hydrogen ndi helium basi, ndi kachinthu kena kochepetsetsa. Chitsulo chimasulidwa m'nyenyezi, zomwe ndi ng'anjo zenizeni, ndipo chimamwazika nyenyezizo zikaphulika. Magnesium amachokera ku nyenyezi zikuluzikulu zimene zimapsa msanga n'kuphulika patangopita zaka mamiliyoni ochepa. Koma gawo lalikulu la chitsulo limachokera ku tinyenyezi tokalamba totchedwa white dwarf, timene timatenga nthawi yaitali tisanaphulike. Choncho akatswiri ankayembekeza kuti akayang'ana kutali, ndiye kuti kale kwambiri, apeza magnesium wambiri ndi chitsulo chochepa. M'chaka cha 2011 idapezeka quasar yotchedwa ULAS J1120+0641, imene kuwala kwake kudanyamuka chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi mamiliyoni 770 zokha. Atayeza ma quasar a nthawi imeneyo adapeza kuti chitsulo chilimo kale, ndipo poyerekeza ndi magnesium sichikusiyana kwenikweni ndi cha ma quasar apafupi. Ndiye kuti m'malo amenewo nyenyezi zidabadwa, kukalamba ndi kufa mofulumira kwambiri, chilengedwe chikadali khanda. Akatswiri akupitiriza kuyeza nkhaniyi ndi telesikopu ya James Webb, imene idatumizidwa mlengalenga pa Khirisimasi ya 2021.

Quasar ya 3C 273 ili m'gulu la nyenyezi la Virgo, ndipo madzulo a mwezi wa Meyi imadutsa pafupifupi pamutu penipeni pa mzinda wa Mzuzu. Ndi maso okha siioneka, koma telesikopu ya masentimita 24 ngati ya pa denga la Sant'Ignazio ndi yokwanira kuionetsa ngati kadontho kofooka pakati pa tinyenyezi tinzake. Itadziwika mu 1963, akatswiri adabwerera ku zithunzi zakale zosungidwa ku Harvard, ndipo adaipeza itajambulidwa kale pa chithunzi cha m'chaka cha 1887, patapita zaka 9 chimwalirire Bambo Secchi.